Msana umene sunali wa khasu: lipoti la mayi wa zaka 38 wodwala TB ya mafupa a msana

Mayiwa anafika kuchipinda chathu cha mafizo mwezi wa Januwale, nyengo yopalira ndi kubandira, pamene benchi ya panja imadzaza ndi anthu odandaula misana. Pakapepala kowatumiza panali mawu ochepa chabe: msana ukuwawa, achite mafizo. Ine ndimagwira ntchito ya mafizo pachipatala china cha boma, ndipo nkhaniyi ndailemba eni ake atavomera. Dzina, mudzi ndi zina zonse zowazindikiritsa ndazisiya. Ndailemba chifukwa tsiku loyamba ndinawaona molakwika. Ndikufuna anzanga pantchitoyi, makamaka ophunzira amene amatipeza kuchokera ku sukulu za zaumoyo za KUHeS ndi Kachere, aone pamene maganizo anga anakhotera ndiponso chimene chinawabweza m'njira.

Ndi mayi wa ana anayi. Amalima chimanga, komanso amapikula tomato kumadimba n'kusenza dengu pamutu mpaka kumsika, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Msana unayamba miyezi isanu m'mbuyomo, pang'onopang'ono, osagwa, osanyamula chinthu chimene akanachiloza kuti ndi ichi chinandipweteka. Anamwa panado, kenako brufen, kenako indocid wa pagolosale. Ululu utayamba kuzungulira kutsogolo, pansi pa nthiti, anapatsidwa mankhwala a zilonda za m'mimba. Kwa asing'anga anakatemedwa mphini. Ali ndi kachilombo ka HIV, akhala pa ma ARV zaka 6 osadumphitsa, ndipo poyeza komaliza tizilombo sitinkaoneka m'magazi.

Tsiku loyamba ndinafunsa kuti, "Pakuwawa ndi pati, amayi?" Anapinda dzanja kumbuyo n'kusisita kuyambira pakati mpaka m'chiuno. "Msana wonsewu, adokotala." Panja panali anthu oposa 20, bedi linalo panali bambo wa sitiroko, ndipo chotchinga chathu n'chimodzi. Sindinawapemphe kuti avule bulauzi. Ndinawayeza atavala, chitenje chili m'chiuno. Minofu ya m'mbali mwa msana inali gwa ngati thabwa, kuwerama sankatha, koma nditakweza mwendo atagona chagada panalibe ululu wotsikira kuphazi. Kanyundo kogogodera pabondo poyeza mitsempha sindinakatulutse m'thumba. Ndinawaika chofunditsa m'chiuno, n'kuwaphunzitsa kukokera mawondo pachifuwa, n'kuwauza kuti abwerenso sabata yamawa.

Ganizo langa silinali lopanda maziko. Misana yambiri imene timaiona ndi ya ntchito, ilibe nthenda yoopsa kumbuyo kwake, ndipo imachira munthu akamayenda ndi kulimbitsa thupi. Apa panali mlimi, wosenza katundu, nyengo ya khasu, ndi kapepala kogwirizana nazo. Nkhani inakwanirana msanga, ndipo itakwanirana ndinayamba kufunsa mafunso okhawo oitsimikizira. Funso loti ndiitsutse sindinafunse n'limodzi lomwe. Zinthu zitatu zinali kale patebulo panga: HIV, miyezi isanu ya ululu womangokulirakulira, ndi ululu wozungulira nthiti ngati lamba. Zonse ndinazilemba ndi dzanja langa m'fayilo, koma sindinaziike pamodzi.

Ulendo wachiwiri

Anabwera patapita masiku 9, pa kabaza, mng'ono wawo atawagwirira. Akulowa, kabuku kawo ka chipatala kanagwa pansi. Mng'ono uja asanafike, iwo anayamba kukatola okha, ndipo ine ndinaima n'kumayang'ana. Sanawerame ngakhale pang'ono. Anaika dzanja lamanzere pantchafu, n'kupinda mawondo msana uli chilili ngati mtolo wa nsungwi, n'kutsika pang'onopang'ono mpweya atautsekera. Podzuka anakwera ntchafu zawo ndi manja, dzanja ili kenako ilo. Munthu wa msana wa khasu amawerama mokhota, amabuula, koma msana umapindika ndithu penapake. Uwu unali msana umene thupi lonse likuulondera kuti usagwedezeke. Ndinaona kuti patapata wakumanja watsala pakhomo iwo osadziwa.

Ndinatseka chitseko n'kuyambiranso ngati sindinawaonepo.

"Miyendo ikulemera," anatero, "ngati andimangirira matumba a mchenga." Zinayamba masiku anayi apitawo. Nditafunsa za usiku, anayankha ndi mng'ono wawo: "Sagona achemwaliwa. Tulo tikangowaba, amadzidzimuka n'kukuwa, ana onse kudzuka." Ululu wa ntchito umaleka munthu akagona. Ululu umene umadikira tulo ndi wina: minofu yolondera ija ikamasuka m'tulo, mafupa odwala amakhudzana. Thukuta la usiku linalipo, lonyowetsa chitenje, koma iwo ankati ndi kutentha kwa dzinja. Sankatsokomola. Ndinatsegula kabuku kaja n'kutsata sikelo imene amalemba kukiliniki ya ma ARV: makilogalamu 58, kenako 55, kenako 51 m'miyezi 6. Manambalawa analimo ndi tsiku loyamba lomwe. Mlamu wawo amene anakhala nawo nyumba imodzi anamwapo mankhwala a TB zaka ziwiri zapitazo. Mkodzo ukawapeza sunkadikira, koma sankadzikodzera, ndipo pokhalira panalibe dzanzi. Khomo la chiberekero anayezetsa chaka chatha n'kupezeka bwino, m'mawere munalibe chotupa, mkodzo wa magazi sanauonepo, kunyanja sanakhaleko.

Atavula bulauzi sipanafunikenso kufufuza. Pansi pang'ono pa mzere wa nsonga za mafupa a mapewa panali kalinunda kosongoka, kakang'ono ngati mfundo ya chala, pamafupa a T8 ndi T9, omwe ndi fupa la 8 ndi la 9 la msana m'chigawo cha nthiti. Mphini zinali m'chiuno, kutali ndi pamene panali nthenda. Nditagogoda pang'ono ndi chala pa kalinundako anagwira bedi ndi manja onse. Ndinatenga thonje ndi kaphini n'kuyamba pachifuwa kutsika: ankamva bwino mpaka pamchombo, kuchokera pamenepo kutsika anati, "Ndikumva, koma ngati mwadutsitsa pansalu." Kanyundo pabondo, mwendo unkaponyeka mwamphamvu mbali zonse ziwiri. Nditakankha phazi lamanja m'mwamba mwadzidzidzi linagunda lokha ka 6, lamanzere katatu. Imeneyi ndiyo clonus. Nditakanda kuphazi, chala chachikulu chinaloza kumwamba mbali zonse. Pamuyeso wa mphamvu wa 0 mpaka 5, yokweza ntchafu inali 3, yowongola bondo 4, yokweza phazi 3 kumanja ndi 4 kumanzere. Manja anali abwinobwino. Nditawatsinzinitsa n'kumasuntha chala chachikulu cha kuphazi, ankadziwa ngati chaloza kumwamba kapena pansi.

Mmene ndinaganizira

Funso loyamba linali lakuti vuto lili pati, osati kuti ndi nthenda yanji. Disiki ya m'chiuno, kachiwalo kofewa kokhala pakati pa mafupa awiri a msana, ikapana mtsempha, mwendo umalefuka, kanyundo sikadzutsa kanthu, ndipo dzanzi limatsata mzere umodzi, kawirikawiri mwendo umodzi. Apa zonse zinali zosiyana: miyendo iwiri, kudumpha kopitirira, clonus, chala choloza kumwamba, ndi malire a dzanzi opingasa pamimba. Zimenezi zimaloza ku mtsempha waukulu wa mumsana weniweniwo, umene mwa munthu wamkulu umathera cha pa L1 kapena L2, mafupa awiri oyamba a msana pansi pa chigawo cha nthiti. Choncho nthenda sikanakhala m'chiuno mmene ndinaika chofunditsa changa. Manja abwino ankachotsa khosi. Khungu la pamchombo ndi dera la chigawo cha T10 cha mtsempha waukuluwu, ndipo chifukwa zigawo za mtsemphawu zimakhala m'mwamba pang'ono kuposa mafupa a nambala yomweyo, dzanzi loyambira pamchombo linkagwirizana ndendende ndi kalinunda ka pa T8 ndi T9. Lamba wa ululu pansi pa nthiti, uja anamwera mankhwala a zilonda za m'mimba, anali mitsempha yotuluka pamafupa omwewo.

Chinanso chinandiuza mbali imene kupanako kukuchokera. Njira za mphamvu zimavutika msanga chopana chikachokera kutsogolo, pamene njira zodziwitsa munthu pamene chiwalo chake chili zimadutsa kumbuyo ndipo zimatsala mpaka mochedwa. Mayiwa mphamvu inali itatsika koma chala ankachidziwa. Chopanacho chinali kutsogolo, kumene kuli thunthu la fupa.

Funso lachiwiri ndilo la nthenda. Khansa yofalikira kumafupa ndinaiganizira kwambiri, poti khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kuno kwathu, ndipo kuyezetsa kwa chaka chatha sikuichotseratu. Likodzo limatha kulowa mumsana, koma limakonda kumunsi kwenikweni, limalefula miyendo ndi chikhodzodzo msanga, ndipo silipinda fupa. HIV payokha imatha kuwononga mtsempha wa mumsana, koma mosapweteka ndiponso mopanda linunda. Mafinya a tizilombo wamba amabwera mwaukali, ndi kutentha thupi kwa masiku ochepa, osati miyezi isanu. Chotsala pamwamba pa zonse chinali TB ya msana, nthenda imene dokotala wa ku London, Percivall Pott, anaifotokoza mu 1779 ndipo mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Pafupifupi theka la TB ya mafupa imakhala mumsana, makamaka chigawo cha nthiti ndi polumikizana nthiti ndi chiuno. Kusatsokomola sikunandibweze, chifukwa ambiri a TB ya msana mapapo awo amakhala oyera. Ma ARV amachepetsa chiopsezo cha TB koma sachithetsa.

Kutchula dzina la nthenda si udindo wanga. Udindo wanga unali kudziwa kuti munthuyu si wa manja anga lero, ndiponso kuti sangadikire. M'masiku 9 anachoka poyenda yekha kufika pogwiriridwa. Ndinawagoneka chagada pamachira, ndipo sindinalembe kakalata koti akaime pamzere. Ndinapita nawo ndekha kwa clinical officer wa mafupa n'kumuonetsa clonus ija ndi maso ake. Ndinawauzanso mayiwo mosabisa kuti zimene ndinawaphunzitsa sabata yatha azisiye, chifukwa kukokera mawondo pachifuwa kumapinda msana ndi kukanikiza mbali yakutsogolo ya fupa, yomwe inali yodyeka kale. Ngati zinathandizira kuti miyendo ifooke, mtima wanga sunapezebe mtendere pa zimenezo. Pamenepo mng'ono wawo anaulula kuti madzulo aliwonse ankauza mwana wa zaka 7 kuti aziwaponda pamsana kuti uwongoke.

X-ray inaonetsa mpata wa pakati pa T8 ndi T9 utaphwa, m'mphepete mwa mafupa awiriwo mutadyeka, kutsogolo kutafwamphuka, ndi mthunzi wotupa mbali zonse ziwiri, womwe ndi thumba la mafinya. Khansa kawirikawiri imadya fupa n'kusiya disiki; apa disiki ndi mafupa awiri oyandikana zinapitira limodzi. Pachifuwa panali poyera, makhololo pa makina oyezera TB a GeneXpert sanaonetse kanthu, ESR, muyeso wa m'magazi wosonyeza kutupa m'thupi, inali yokwera pa 96, ndipo magazi anali ochepa, 9.8. MRI, makina ojambula ngakhale mitsempha ya m'kati, ikanaonetsa bwino kukula kwa kupanako, ndipo ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre makinawa anaikidwa mu 2008, koma ulendo wautali pamsewu ndi msana wotere unali ndi ngozi yakeyake. Madokotala a mafupa a kuchipatala chachikulu ataona zithunzi pafoni anati ayambe mankhwala a TB tsiku lomwelo: rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol miyezi iwiri, kenako awiri oyambawo, onse pamodzi miyezi 9 n'kudzaonanso. Anawonjezera piritsi lina la dolutegravir, amodzi mwa ma ARV awo, madzulo, poti rifampicin amachepetsa mphamvu yake m'thupi, ndi pyridoxine woteteza mitsempha. Mgwirizano unali uwu: mphamvu ikatsika, kapena chikhodzodzo chikagwidwa, kapena pakapita masabata atatu kapena anayi popanda kusintha, atumizidwe kukajambulidwa MRI ndi kukaonedwa za opaleshoni.

Apa ntchito yanga inasintha. Chimene chikanagamula za opaleshoni chinali pepala limene ndinamata kumutu kwa bedi: minofu isanu mwendo uliwonse, malire a dzanzi poyerekeza ndi mchombo, kugunda kwa clonus, ndi mkodzo. Ndinkayeza m'mawa uliwonse, nthawi yofanana, wodwala atagona mofanana, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ankayeza mnzanga amene tinayeserera limodzi kawiri kuti 3 wanga akhale 3 wakenso.

Kugona kapena kudzuka

Pamenepa ndi pamene ndinalimbana napo kwambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, bungwe la Medical Research Council la ku Britain linachita kafukufuku wa TB ya msana ku Korea, ku Bulawayo, ku Hong Kong ndi ku Madras. Ku Korea anapeza kuti kugoneka ana miyezi 6 m'chipatala, kapena kuwaveka chikhakha cha thupi, sikunapose kumwa mankhwala akuyendayenda. Chochiza ndi mankhwala, osati bedi. Ndipo bedi tonse tikulidziwa zimene limachita: zilonda za pogona, chibayo, magazi kuundana m'miyendo, minofu kusungunuka, mtima kugwa. Koma kafukufukuyo sanatenge odwala amene miyendo inali itafooka mpaka kulephera kuyenda, ndipo wanga anali wamkulu amene mphamvu yake inkatsika sabata yomweyo. Kutenga zotsatira za ana oyenda okha n'kuziika pa mayiwa kukanakhala kubwereza cholakwa cha tsiku loyamba, kukonda nkhani yokwanirana msanga. Ndinatsamira ku njira ya pakati imene S. M. Tuli wa ku India anaifotokoza mu 1975: mankhwala, kupumitsa msana poyamba, kuyang'anitsitsa, ndi opaleshoni kwa amene sakusintha. Tinagwirizana ndi a mafupa kuti agone mpaka zinthu zitatu zitachitika: ululu wa usiku uleke, mphamvu isiye kutsika, ndipo chomangira msana cholimba chipezeke.

Zimene sindinachite ndi zofunika kulemba mofanana ndi zimene ndinachita. Sindinakanikize kapena kuthyola mafupa a msana, sindinakoke msana, sindinaike chofunditsa kapena makina ofunditsa m'kati a ultrasound pamalopo, ndipo zonse zopinda kapena kupotokola thunthu ndinaziletsa. Ndinazilemba pamwamba pa fayilo ndi inki yofiira, chifukwa wodwala wa msana akagona m'wodi aliyense wodutsa amafuna kumuthandiza ndi manja.

Mphunzitsi weniweni anakhala gadiyani. Anamwino awiri sangatembenuze wodwala maola awiri aliwonse m'wodi yodzaza, choncho ndinakhala ndi mng'ono uja masana athunthu. Kutembenuza ngati chipika: mapewa ndi chiuno zipite limodzi, pilo pakati pa mawondo, dzanja lina paphewa lina pantchafu, wodwala awerenge yekha mpaka katatu. Anayeserera pa ine kaye. Ndinamuonetsa malo oyang'ana m'mawa ndi madzulo, pakamchira, m'mbali mwa chiuno, zidendene, ndipo ndinamuuza kuti pakhungu lakuda chilonda sichiyamba ndi kufiira ayi, chimayamba ndi kuderako, kutentha kapena kulimba. Pabedipo mayiwo ankapuma mozama, kupalasa mapazi, kukanikiza mawondo pamatiresi, kufinya matako, ndi kukoka lamba wa labala ndi manja kuti adzathe kugwira chowayendetsa. Akatumba ndinkawawongola pang'onopang'ono tsiku lililonse, poti mwendo wolimba chonchi ukasiyidwa phazi limagwa n'kuuma.

Sabata yoyamba pepala silinasinthe, ndipo bambo a kunyumba anabwera n'kunena kuti ngati palibe chikuchitika awatenge, munda ukuonongeka ndipo ana ali okha. Sindinawatsutse, poti zimene ankanena zinali zoona. Ndinawaonetsa pepalalo n'kunena kuti, "Bambo, masiku 9 aja manambalawa ankatsika. Masiku 7 awa aima. Tipatseni masabata ena awiri." Anavomera monyinyirika. Usiku wa 12 mayiwo anagona mpaka m'mawa. Sabata yachitatu yokweza ntchafu inafika 4, clonus kumanja inatsika kufika katatu, ndipo dzanzi linatsika zala zitatu pansi pa mchombo. Za ulendo wa opaleshoni zinaimikidwa.

Tinawakhazika atavala chomangira chija, poyamba mphindi zisanu, chifukwa munthu amene wagona masabata atatu amachita chizungulire. Podzuka ankayamba atembenukira chammbali, miyendo kutsika, manja kukankha. Sabata yachinayi anaima pakati pa mipiringidzo iwiri, yachisanu anayenda ndi fulemu mamita 10 m'masekondi 41. Lamulo lopitira patsogolo linali limodzi: ululu wa lamba ukabwerera, kapena pepala la mawa likatsika, tibwerere pamene tinali dzulo. Zinachitika kamodzi, titawonjezera mtunda msanga, ndipo tinapuma masiku awiri.

Asanatuluke ndinafunsa za kunyumba, ndipo mayankho ake anasintha dongosolo langa lonse. Amagona pamphasa pansi. Chimbudzi n'chonjuta, chili kuseri kwa khola. Madzi ndi a pamjigo, chigubu cha malita 20, omwe ndi makilogalamu 20 pamutu. Kuyenda mamita 10 pasimenti ya chipatala sikuyankha chilichonse mwa izi. Bambo aja anasanja njerwa n'kuikapo chitseko chakale kuti pakhale pogona pofika m'mawondo, ndipo kalipentala wa m'mudzi anaboola mpando wamatabwa woika pachimbudzi. Madzi anagawana ana awiri akuluakulu. Ndinawauzanso kuti TB ya msana yopanda ya m'mapapo siuluka ndi mpweya, asawapatulire mbale, ndiponso kuti mkodzo wofiirira ndi wa rifampicin, koma maso achikasu kapena kuona mwachimbuuzi n'zobwera nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Mapazi oyaka

Sabata ya 8 anabwera tsiku lawo lisanakwane, nkhope zonse zili zakugwa. "Zayambiranso, adokotala. Mapazi akuyaka ngati ndaponda makala, usiku ndikumawatulutsa m'bulangete." Mng'ono wawo anali atanyamula kale zovala, poganiza kuti ulendo wa opaleshoni uja wakwana.

Nanenso mtima unagunda. TB ya msana imatha kukula ngakhale munthu akumwa mankhwala: thumba la mafinya limatha kutupa m'miyezi yoyamba, fupa limatha kufwamphukiratu, ndipo pali TB yosamva mankhwala. Koma nthawi ino ndinadziletsa kuthamangira nkhani yoyamba, ngakhale inali yoopsa. Ndinadzifunsa kuti, ngati kupana kwabwerera ndipeza chiyani, ndipo ngati ndi china ndipeza chiyani? Kupana kukabwerera, msana uwawa, malire a pamimba akwera, mphamvu itsika, clonus ichuluka, mkodzo uvuta. Ndinayeza chimodzichimodzi. Msana sunkawawa. Malire a pamimba anali atatsala pang'ono kuzimiririka. Mphamvu inali 4 paliponse, yowongola bondo 5. Clonus inali itatha kumanzere, kumanja kamodzi. Mkodzo unali bwino. Chatsopano chinali kumapazi kokha: dzanzi ndi kuyaka kuyambira kuzala mpaka m'mapazi monse, mofanana mbali zonse, ngati avala sokosi. Ndipo kanyundo pamtsempha wa chidendene, pamene mwezi wapitawo pankadumpha mopitirira, tsopano pankayankha mofooka, pamene pabondo pankadumphabe.

Bondo lodumpha ndi chidendene chozizira mwa munthu mmodzi zimatanthauza mavuto awiri osiyana: lakale la mumsana limene likuchira, ndi latsopano la mitsempha ya kumapeto. Isoniazid amadziwika ndi zimenezi, makamaka mwa munthu wa HIV ndi wochepa thupi. Ndinawapempha kuti atulutse mankhwala onse patebulo. Pyridoxine panalibe. Kumene ankakatengera mankhwala anali atatha masabata atatu apitawo, ndipo iwo anaganiza kuti kapiritsi kakang'ono kotero ndi kavitamini chabe. Ndinabwerera nawo kwa dokotala ndi zimene ndapeza. Anayeza shuga n'kupeza ali bwino, n'kuwayambitsanso pyridoxine pamlingo wokwererapo, mankhwala a TB osasiya.

Kwa ine izi zinasintha zochita. Munthu amene samva bwino pansi amadalira maso, ndiye amagwa usiku popita kuchimbudzi. Tinawonjezera zoima pamalo amodzi mapazi atagundana, kenako pamphasa yopinda, kenako maso ali otsinzina wina ataima pambali. Patapata tinamusiya, anagula nsapato zomanga kumbuyo. Ndinawachenjeza za mbaula ndi phulusa la pamafuwa, ndiponso kuti madzi osamba aziyesa ndi chigongono. Ndodo yomwe ndinkafuna kuwachotsera mwezi umenewo ndinaisiya kaye. Kuyakako kunachepa m'masabata 6. Kadzanzi ka kunsonga za zala kanatsala.

Mwezi wachinayi ankayenda ndi ndodo imodzi, mamita 10 m'masekondi 18, ndipo a mafupa ataona X-ray analola kuti chomangira azichivula akakhala pakhomo. Apa m'pamene ndinayamba kulimbitsa minofu yowongola msana, atagona chafufumimba pilo ali pansi pa mimba, kukweza dzanja limodzi kenako mwendo umodzi, osapinda. Mwezi wa 9 anabwera okha paminibasi, opanda ndodo, masekondi 11, sikelo ili pa 57. Mphamvu inali 5 kupatula yokweza phazi lamanja yomwe inatsala pa 4. X-ray inaonetsa T8 ndi T9 akulumikizana kukhala fupa limodzi. Kalinunda kalipo ndipo sikadzachoka. Ndinawauza zimenezi kuyambira pachiyambi kuti asadzataye ndalama kwa wolonjeza kukawongola. Dziwani kuti matendawa sanatsimikizidwe ndi kachidutswa ka fupa kapena mafinya. Umboni wake ndi chithunzi, zizindikiro, ndi mmene thupi linayankhira mankhwala.

Funso lawo tsiku limenelo linali la dengu. "Nanga tomato, adokotala? Ana akufuna fizi." Ndinaganiza nthawi ndithu ndisanayankhe. Fupa lolumikizana ndi lolimba, koma msana wopindikira kutsogolo ukasenzetsedwa katundu pamutu, kulemerako kumagwera mbali yomwe inadyeka ija, ndipo mafupa a pamwamba ndi pansi pake ndi amene amalipira. Kuwaletsa malonda kukanakhala kuwauza chinthu chimene sangachite. Tinawerengera limodzi mtengo wa kabaza kuchokera kumadimba kufika kumsika n'kupeza kuti umadya gawo la phindu koma sulimaliza. Tinagwirizana kuti dengu lizikwera njinga, iwo aziyenda pambuyo, pamsika azikhala pampando m'malo mwa pansi, ndipo kumunda agwire khasu la mpini wautali, mizere yochepa m'mawa kusanatenthe. Chigubu cha pamjigo chikhalebe cha ana. Adzabweranso pakatha miyezi itatu kuti tidzayeze kalinundako ndi phazi lamanja lija, ndipo mng'ono wawo, yemwe anagona pansi pa bedi lawo masabata asanu, tinamutumiza kukayezetsa makhololo chifukwa wayamba kutsokomola.